Mphepo ya Jacomien Dingemanse

Kwa Bambo Leunis Dingemanse, bambo a malemu. Kwa amuna awo Bambo Thijmen ndi mwana wawo Suze. Kwa achibale onse, ndi kwa onse okonda mpira wamiyendo m'dziko lathu lino la Netherlands.

Ife a Kalabu ya Mpira ya Zandekerke talandira ndi mitima yosweka uthenga wa imfa ya mwana wathu, Mayi Jacomien Dingemanse, amene atisiya Lamulungu lapitali ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, atadwala miyezi ingapo. Ngakhale tinkadziwa kuti matenda awagwira kolimba, tinali titazolowera kuwaona akugwetsedwa pabwalo n'kudzuka akusasa udzu m'maondo, kotero kuti panalibe mmodzi wa ife amene anavomera mumtima kuti tsiku lina adzagwa osadzukanso. Mudzi wonse wazizira.

Malemuwa anayamba kumenya chikopa pabwalo lathu lino, kuseri kwa khoma lotchinga nyanja, ali kamtsikana kamodzi kokha pakati pa anyamata, popeza timu ya atsikana tinalibe. Bwaloli alendo amalida, chifukwa mphepo ya kunyanja imalanda mpira uliwonse wokwera m'mwamba n'kukauponya m'minda ya anyezi, ndipo ndi pomwepa pamene iwo anaphunzira kuyendetsa mpira pansi, luso lomwe linadzasautsa otchinga kumbuyo m'maiko ambiri. Atakula anatengedwa ndi kalabu ina yaikulu ya ku Rotterdam, kumene anathandiza kutenga ukatswiri wa ligi. Kenaka anakasewera ku Sweden ndi ku England, ndipo konseko anasiya mbiri ya wogoletsa zigoli wosadzitama. Kwa zaka zoposa khumi anavala malaya a mtundu wa lalanje a timu ya dziko lathu, nakaimirira tonsefe m'mipikisano ya maiko. Atapachika nsapato sanakhale m'mizinda momwe ankawaombera m'manja, koma anabwerera kuno pa njinga yawo yakale ija, n'kuyambitsa timu ya atsikana yomwe iwo anaisowa ali mwana.

Zimenezi manyuzipepala alemba kale, ndipo alemba bwino kuposa ife. Koma pali nkhani ina imene sangailembe chifukwa saidziwa, ndipo Bambo Leunis atilola kuti tiinene, amvekere atopa nako kubisa.

Ife ndife kalabu ya Loweruka, monga analili makolo athu. Lamulungu chipata cha bwalo chimakhala chokhoma, kutchalitchi timapita kawiri, ndipo ngakhale chovala sichiyanikidwa panja. Koma mpira wa makalabu aakulu umaseweredwa Lamulungu. Tsiku lomwe a ku Rotterdam anabwera kudzapempha mwanayu, bambo ake, omwe ndi mkulu wa mpingo, anangoti: "Mwananga, wakula, sindikumanga miyendo. Koma mpira wa Lamulunguwo maso angawa sadzauonera, ngakhale mutausewera Lachitatu." Iye anayankha kuti: "Ndamva, bambo. Koma ine ndipita." Onse awiri anali a Dingemanse, ndipo pano tonse tikudziwa kuti wa Dingemanse akanena wanena. Ankakondana, ankadyera pamodzi mwana akabwera kutchuthi, koma patebulo pawo liwu loti mpira silinkatchulidwa.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse m'mawa Bambo Leunis ankafika pabwalo ndi chidebe cha laimu kudzajambula mizere. Mizere ya masewero a Loweruka, kuijambula Lolemba, kuno kumene mvula imagwa ngati inalembedwa ntchito! Tonse tinkaona, koma panalibe wofunsa. Akamaliza ankalowa m'chipinda chathu chomwera khofi, n'kukhala moyang'ana pawindo, n'kufunsa ine wapampando wanu ngati munthu wongocheza:

"Apampando, dzulo uko ku Sweden mphepo inali bwanji?"

"Inaomba bwino, a Leunis. Inaomba kawiri, kachiwiriko ndi mwendo wamanzere."

"Mphepo ya mwendo wamanzere? Inu bodza lanu lidzakuphani. Thirani khofi wina apa."

Timu ikagonja ndinkati kunali bata. Pamenepo ankakankha kapu n'kunena kuti khofi wa lero ngowawa, anaphika ndani, n'kukwera njinga osatsanzika. Zinayenda choncho mpaka mwana wawo anasiya kusewera, ndipo mawu awo sanawaphwanye: sanaonereko masewero ndi amodzi omwe, kaya pabwalo kaya pa kanema.

Lolemba lapitali, mawa lake la tsiku la imfa, anabweranso, koma opanda laimu. Anaima pakhomo atagwira chipewa m'manja, nati kwa ine: "Marinus, lero sindifunsa za mphepo. Mwana uja wapita akuganiza kuti bambo ake analibe naye ntchito. Kapena ankadziwa? Usandinamize, ndine munthu wamkulu." Ine ndinangowagwira dzanja, iwo n'kubwerera kwawo ndi funso lawo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sayenera kuika mwana wake m'manda atasenza katundu wotere, n'chifukwa chake yankho tikulipereka pano, pamaso pa anthu onse.

Bambo Leunis, mwana wanu ankadziwa. Anadziwa kuyambira chaka choyamba. Lolemba lililonse masana lamya inkalira kwathu, kaya ali ku Sweden kaya ali kumsasa wa timu ya dziko, ndipo moni wake unali umodzi: "Amalume Marinus, a zanyengo aja abwera?" Ndikamuuza zomwe mwanena ankaseka mpaka kutsamwa, ndipo nthawi zina kusekako kunkathera m'misozi. Anandilumbiritsa kuti: "Musawauze kuti ndikudziwa. Madala ajatu ndi amanyazi, angasiye kubwera." Atolankhani ankamuseka kuti akamufunsa za zigoli amayamba ndi kunena za mphepo, ngakhale pamene asewera m'bwalo lofolera denga lomwe simulowa ndi kamphepo komwe. Iwo ankayesa ndi khalidwe la anthu a kunyanja. Iye sankalankhula ndi iwo ayi, ankalankhula ndi inu.

Polemekeza malemuwa, mbendera ya kalabu ikhala pakati pa mtengo mpaka mwambo wa maliro utatha. Loweruka likudzali matimu athu onse adzavala nsalu yakuda pamkono, ndipo adzaima chete masewero asanayambe. Tikachoka kumanda, khofi ndi keke zidzakhala m'chipinda chathu chija, ndipo khomo ndi lotsekukira aliyense, wa Loweruka ndi wa Lamulungu yemwe, pakuti maliro n'kulirana.

M'malo mwa komiti, osewera, aphunzitsi, makolo ndi mamembala onse, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu Bambo Thijmen, amene mwataya mnzanu wapamtima mutamusamalira mosatopa mpaka tsiku lomaliza. Kwa iwe Suze, amene kalabu ino idzakhala kwanu masiku onse, usewere mpira kapena usasewere. Ndi kwa achibale onse. Mulungu amene amatonthoza olira akupatseni mphamvu pamene zanu zatha, ndipo akugwireni dzanja m'masiku ovuta ali kutsogoloku.

Ndipo kwa inu Bambo Leunis, tili ndi uthenga umene tinatumidwa. Sabata yatha nditapita kukamuona mwana wanu kuchipatala, mawu ake anali atatsala pang'ono, koma anandikoka mkono kuti ndiwerame. Anati: "Amalume, lumbiro lija ndalimasula. Ndikapita, Lolemba bambo adzabwera ndithu, ndimawadziwa. Mudzawauze kuti ndinkawaona mumtima mwanga pa masewero onse, ataima pamzere ndi chidebe chawo. Mudzawauze kuti mphepo inali yabwino."

Tanena monga tinatumidwira. Mpando wanu wa pawindo uli pomwepo, ndipo Lolemba khofi adzakhala pamoto.

Ndife olira nanu,

Marinus Louwerse
Wapampando, Kalabu ya Mpira ya Zandekerke