Dothi la Sesiliya

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno tikudzuka, koma kudzuka kwake n'kochita kudzikoka. Okutobala wa chaka chino watentha ngati tinamulakwira. Ndikulemba nditakhala pakhonde panu paja, nsapato ndavula, mapazi atupa, ndipo mawu andithera chifukwa chokuwa tsiku lonse ndi ana anga a Sitandade 1.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo woipa usamamulowetse m'nyumba anthu asanamwe madzi. Mdzukulu wanu Tereza anachira mu Juni kuchipatala ku Mua, mwana wamkazi. Tamutcha Anastaziya, dzina lanu. Chipumi n'chanu, ukalinso ndi wanu womwe uja, akalira amamveka mpaka kumjigo. Chimanga mbozi zinatidyera, mpunga wa kudambo madzi anaugoneka pansi, tapulumukira mbatata. Achimwene a Fabiyano bondo lija lawakulira, njinga anaipachika, ku Golomoti amapita pakabaza ngati bwana. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri ndipo khalidwe lake lakuba silinasinthe.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi sukulu yathu ya parishi. Yakulanso, Amayi. Sikuleka kukula.

Munkandiuza kuti inayamba ndi chisakasa cha udzu, akatekisiti akuphunzitsa chizindikiro cha mtanda m'mawa, masana a e i o u pamchenga. Ine ndinapeza buloko imodzi, ija njerwa zake munasenza pamutu inu ndi amayi anzanu mpaka tsitsi kuthothoka paliwombo. Bambo mfumu wandevu uja wa mthuthuthu atabwera kudzapempha malo, munapereka munda wanu wa mtedza, lero ndi bwalo la mpira. Atafuna kufika Sitandade 8 munapereka wa thonje. Chaka chimene boma linati pulayimale ndi yaulere, ana anasefukira, a alimi, a asodzi a kunyanja, Akhristu, Asilamu, ena atabereka ang'ono awo kumsana, ndipo munaperekanso pomanga nyumba za aphunzitsi. Atate ankang'ung'udza kuti, "Kodi ife tizidzalima padenga la tchalitchi?" Inu n'kuwayankha kuti, "Sukulu ndi mwana, sumugulira malaya omukwana lero." Iwo n'kunyamula khasu lawo.

Malayawo athinanso. Ine zaka zinayi tsopano ndikuphunzitsira pansi pa bwemba. Ana sindiwawerenganso, ndimangoona mitu. Bolodi timalitsamiritsa pamtengo, mphepo ikabwera limagwa, mvula ikachita mdima ndimawauza kuti thawani. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndiye kuti palibe chimene taphunzira. Walira mvula walira matope, tinalirira sukulu, tsono ndi imeneyi. Ndatopa, Amayi, ndikuuzeni zoona. Zaka zitatu zatsala kuti ndipume, ndipo ndinkangopempha Mulungu kuti ndisanapume ndidzalembepo pabolodi la pakhoma, denga lili pamutu.

Pempho lija linayankhidwa. Akhristu a parishi ina ya kunja atithandiza buloko ya makalasi awiri, ndipo ahedi anati chipinda chimodzi n'changa. Ndinavina pamaso pa ana. Koma Lachitatu lina mwezi wathawu, potuluka kumene amayi amaphikira ana phala, ndinaona akomiti ndi amisiri akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe pa kachidutswa ka munda kaja ka pamtengo wa masawu. Kaja munkakana nako nthawi zonse, ngakhale kwa bambo mfumu. Achimwene anali pomwepo atatsamira ndodo, akumwetulira. Anati, "Mlongo, ndapereka. Amayi akanakhala moyo akanapereka okha."

Ndinabwerera pansi pa bwemba. Achimwene adziwa bwanji? Ngakhale atate anapita osadziwa.

Ine munandiuza nditabereka Tereza, mutaona kuti tsopano ndine mayi. Munanditengera pamasawu paja ngati tikukathyola ndiwo, n'kundiuza kuti ine ndili wamng'ono munabereka mwana wamkazi masiku asanakwane. Anapuma m'mawa umodzi wokha. Mutaona kuti akupita, munatunga madzi m'chikho, munam'batiza nokha, n'kumutcha Sesiliya. Koma amayi akuluakulu anati ameneyu ndi nthayo, mwana amene sanatuluke m'chikuta saikidwa kumanda a anthu, saliridwa, ndipo amuna sauzidwa kumene wagona. Anamuika amayi okhaokha, dzenje losaya. M'buku la ubatizo mulibe dzina lake. Munati, "Mapazi asanu ndi awiri kuchokera pamtengo, kuloza kuchulu. Ine ndikadzapita, usadzalole khasu la mwamuna pamenepa." Ndinavomera msanga, poti nthawi imeneyo sukulu inali kutali, kuseri kwa minda iwiri.

Masiku atatu ndinayenda ngati wodwala malungo. Ndikanena kuti pali manda, amisiri sakumba, makolo sadzalola ana kukhalapo, ndipo malo ena palibe. Atcheyamani a komiti anali atanena kale kuti tikachedwa, buloko ipita kusukulu ina ya parishi yomweyi, nayonso ana ali pamtetete. Ndikakhala chete, Lolemba mapiki a amuna alowa mwa mng'ono wanga. Ndinafika pakhomo la bambo mfumu kawiri, kawiri konse ndinangopempha kuti andidalitsire korona.

Ndiye ndinapita kwa a Nachisale, mnzanu uja wa mumphakati wa tchalitchi. Mwa amayi amene analipo tsiku loika Sesiliya lija atsala okha. Maso anachita khungu, koma pakamwa mpakuthwabe. Anati, "Iwe Agata, ine ndataya ana angati a anzanga? Lero ukundifunsa za mmodzi?" Kenako anati, "Wa Anastaziya ndikumukumbuka. Anali ndi tsitsi. Tiye tikamuchotse, amuna asanafike."

Loweruka m'mawa, anthu atapita kumsika, tinapita atatu, ine, Tereza, ndi a Nachisale titawagwira dzanja. Pamenepo mpamene ndinazindikira kulakwa kwanga. Chulu chija kulibe, Amayi. Tinachigumula tokha kalekale poumba njerwa za Sitandade 8, ndipo ine ndinasenza nawo dothi lake ndikuimba. Mtengo ulipo, mapazi asanu ndi awiri ndikuwadziwa, koma kuloza kuti? Ndinaima pamenepo mayi wamkulu, mphunzitsi wa zaka zonsezi, ndikuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

A Nachisale anagogoda pansi ndi ndodo. "Kumba apa." Tinapalasa ndi kakhasu, kenako ndi manja. Mizu yokhayokha. "Kapena apa." Tinapeza chigoba cha nkhono. Malo achitatu anali m'kati mwa chingwe, pangodya ya chipinda changa chenicheni, ndipo tinapezamo kachidutswa ka sileti basi. Ndinayamba kulira, iwo n'kundikalipira. "Nthayo sitilira, iwe! Unkayembekeza kupeza chiyani? Mafupa ake anali asanakhwime. Mwana uja ndi dothi limeneli. Tapa."

Ndinatapa m'maenje onse atatu, n'kumanga m'chitenje chanu cha mpingo chija. Ndinati ndisenze pamutu, koma manja anakana, ndiye ndinabereka kumsana. Panjira tinakumana ndi alonda a sukulu. "Madamu, dothi mpaka kulibereka?" Ndinati, "N'lozira, bambo, khosi likundipweteka." Bodza limenelo ndikaulula kwa bambo mfumu Loweruka likubwerali, ngakhale sindikudziwa kuti ndikaliyamba bwanji.

Tinakathira pamanda anu, kumapazi kwanu, pansi pa mtanda. Ngati mwamva kanthu kopepuka kakukukhudzani, ndi ameneyo. Tereza anayambitsa pemphero la Tikuoneni Mariya, a Nachisale anangoti, "Anastaziya, landira katundu wako," n'kupempha kuti tiwaperekeze, dzuwa lawawa.

Lolemba amisiri anakumba. Ndinali pansi pa bwemba, ndikuimbitsa ana a e i o u mokweza kuposa masiku onse kuti ndisamve mapiki. Ana ankangodabwa kuti madamu lero alusiranji. Pano maziko atha, khoma lafika m'chiuno, achimwene amapita tsiku lililonse kukayang'anira ndipo amauza aliyense kuti malowa ndi mphatso ya mayi awo.

Munandisiyira ntchito imodzi yokha, Amayi, ndipo sindikudziwa ngati ndaigwira kapena ndaiphonya. Khasu la mwamuna lalowa pamene munaletsa. Mundikhululukire. Ndinayang'ana ana aja akuthawa mvula ndi makope m'malaya, ndinalephera kuwalanda denga. Mwina inu mukanapeza nzeru ina, ine mutu unaima.

Ngati dothi lija linali lolondola, Sesiliya ali ndi inu, mum'fungatire. Ngati ndinaphonya, ndiye kuti watsala m'kalasi mwanga, pangodya ya kuzenera la kum'mawa. Paja munkanyadira kuti ana anu onse analowa sukulu, ndipo ndinkaona kuti mukatero mumayang'ana kumbali. Tsono ndikulonjeza ichi. Ana adzadzaza chipinda chija mpaka posowa poponda, ndikudziwa, koma pangodya ija sipadzakhala munthu. Ndidzaikapo ndowa ya madzi akumwa, ndipo ndizidzasesapo ndekha. Tsiku lotsegulira, poitana maina, ndikadzamaliza onse a m'kaundula ndidzaitana limodzi chamumtima, ndipo ndidzadikira pang'ono ndisanatseke buku.

Mupereke moni kwa atate, koma za pamasawu musawauze, ndi zathu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wotopa koma wanu yemwe,
Agata