Tebulo la Anthu Asanu

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kukuvutani. Kuno ku Dar ndili bwino, kungoti kukutentha.

Sabata yatha ndinapita ku Chang'ombe kukagula tebulo lodyera. Bambo a Junior analifuna kalekale, ankati kudyera pamkeka kumawapweteketsa msana akabwera ku ulendo wa lole. Kalipentala anandionetsa lozungulira, laling'ono, loti likanakwana bwino m'kachipinda kanga ka ku Manzese. Kenako anandifunsa, “Mama, mumadya anthu angati?” Pakamwa panangoyankha pokha kuti asanu. Ndinawerenga monga kale, azakhali: iwo, ine, ndi ana atatu amene mukundisungirawo.

Ndiye ndinabwera ndi chitebulo chachitali, moti chitseko sichikutsegukanso chonse. Ndachikankhira kukhoma, mipando inayi ndaisanjikiza pakona, ine ndimadyera kumapeto.

Aneba akuti lole ya bambo a Junior imadutsabe pafupi pano mumsewu wa Morogoro, koma iwo kuno anasiya kufika. Kaya ntchito yachuluka, kaya n'chiyani.

Akabwera kumeneko kudzaona ana, musawafunse kanthu. Mungowauza kuti tebulo lija ndagula.

Ndine mwana wanu,
Tiwale