Laibulale Aitseka, Ndasowa Pobisala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo lija lasiya kutupa? Chifuwa cha amayi chili bwanji? Kuno matupi ali bwino, koma zina zonse zasokonekera. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndikanangoti tilipo, monga ndakhala ndikunenera.

Ntchito yanga inatha mu Febuluwale. Kampani yosindikiza mabuku ija inagula makina atsopano, ndipo abwana anati munthu wofufuza zolakwika m'zolemba sakufunikanso, kompyuta ikumaziona yokha. Anandigwira chanza n'kundipatsa kalata yondiyamikira pa zaka zanga makumi awiri. M'kalatamo ndinapezamo zolakwika ziwiri.

Kunyumba sindinanene. Ndinkati ndidzanena ndikapeza ina. Kangachepe kamene anandipatsa potsanzikana ndinkakapereka pang'onopang'ono pakutha pa mwezi, ngati malipiro. M'mawa uliwonse ndinkamanga tayi, kunyamula chikwama, n'kupita ku laibulale ya mumzinda muno.

Kumeneko ndiko ndakhala miyezi isanu ndi itatu, m'chipinda cha nyuzipepala, patebulo la pakona pafupi ndi zenera losatsekeka. Denga limadontha, moti mvula ikayamba ankaika ndowa zitatu pakati pa mashelefu, ndipo mabuku ena anafufuma ndi chinyontho. Koma munali mipando, munali bata, ndipo palibe ankakufunsa chimene wadzera. Amuna a matayi tinalipo anayi, ndipo sitinkafunsana mafunso. Mmodzi tinkamutcha Bwanamkubwa. Ankagwira ku banki, ndipo ankalimbirana nane tsamba la nyuzipepala lolengeza ntchito ngati ndi cholowa cha bambo ake. Patebulo pamenepo ndinalembapo makalata oposa makumi atatu ofunsira ntchito. Anayankha awiri okha, onse kundiuza kuti zaka zandipitirira.

Amayi oyang'anira laibulaleyo timawatcha a Chidindo, chifukwa akamadinda buku nyumba yonse imamva. Anadziwa zanga sabata yoyamba yomwe, koma sanandichititsepo manyazi. Nthawi zina ankandibisira tsamba lija m'dirowa mpaka ndifike.

Mwezi watha anatiitanira msonkhano. Akuluakulu a mzinda anati laibulale itsekedwa chaka ndi theka kuti aikonze. Afolera denga latsopano, amanga njira yodutsa anthu oyenda panjinga za olumala, atsegula chipinda cha ana, ndipo m'chipinda chathu chija aikamo makompyuta makumi awiri. Podikira, galimoto izidzabwereketsa mabuku pamsika Lachitatu lililonse. Bwanamkubwa anafunsa ngati m'galimotomo mudzakhale mipando, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke. Pomaliza onse anaomba m'manja, nanenso ndinaomba, poti zonse anatchulazo n'zabwino ndithu.

Kenako analengeza pawailesi kuti aliyense amene ali ndi buku la laibulale abweze asanatseke. Sindinkadziwa kuti mwana wathu wamkazi uja anabwerekako buku la masamu kudzera kusukulu. Lachinayi cha m'ma 10 koloko m'mawa mlamu wanu anabwera nalo. Anandipeza ndikusinza, chipumi chili panyuzipepala, tayi ili m'khosi.

A Chidindo anayesa kundipulumutsa. Anati ndimabwera kudzawathandiza kulongedza mabuku m'makatoni. Mlamu wanu anafunsa mwaulemu kuti ndinayamba liti kuthandizako. A Chidindo anayang'ana pansi. Bwanamkubwa, posadziwa kuti mayiyo ndani, anayankha monyadira kuti ine ndine mkhalakale, chiyambire Febuluwale sindinajombepo ngakhale tsiku limodzi. Mlamu wanu anathokoza, anasiya bukulo patebulo, anandipatsa moni ngati mlendo, n'kutuluka.

Ndinkayembekeza kuti ndikafika kunyumba andikalipira, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Atandipatsa chakudya anakhala pansi n'kunena motsitsa mawu kuti umphawi sauopa, poti tinayamba banja tikugona pamphasa. Chimene chamupweteka n'chakuti tsiku lililonse ankandifunsa za kuntchito, ine n'kumamusimbira nkhani za abwana ndi anzanga, mpaka iye n'kumaseka. Anati tsopano sakudziwa kuti wakhala akuseka ndi ndani. Sukulu zikatsekera akuti apita kwa mkulu wake pamodzi ndi mwana, ndipo za kubwerera sanatchule. Choipa chitsata mwini, achimwene.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani sukulu zisanatsekere, kwatsala masabata atatu. Mlamu wanu amakumverani kuposa wina aliyense wa kwathu. Musabwere kudzandiikira kumbuyo, palibe choikira kumbuyo. Mudzangokhala pakati pathu kuti mwina angalankhule zonse zili kumtima, nanenso ndipepese pamaso pa munthu. Ndikapepesa ndili ndekha mawu anga salemeranso kanthu m'nyumba muno. Amayi musawauze kaye. Ndidzawauza ndekha, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Laibulale anaitseka Lachisanu. A Chidindo awatumiza ku nthambi ina kutali, ndipo potsanzikana anandiuza kuti ndisataye mtima, koma maso awo sankagwirizana ndi mawuwo. Dzulo ndinadutsako. Azinga mpanda wa malata, ndipo pampata ndinaona amisiri akukanganula denga, mipando itaunjikidwa panja miyendo ili m'mwamba. Ndinaima kanthawi mpaka mlonda anandifunsa chimene ndikufuna.

Mawa ndi Lolemba. Mlamu wanu wasita malaya anga oyera n'kuwakoleka pampando. Kaya n'chifundo, kaya n'chizolowezi chabe, sindikudziwa, ndipo ndikuopa kufunsa. Sindikudziwanso kuti ndikawavala ndilowera kuti.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa achemwali ndi amuna awo, ndi kwa ana onse. Amalume muwauze kuti magalasi awo aja sindinaiwale.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamuti Kamagalasi