Munthu wouluka wa m'sutikesi ya abambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mlangeni tilipo, ndipo amayi mwendo uja wasiya kuwavuta.

Loweruka ndinkafuna mapepala oyala m'dengu la tomato wopita naye ku Lizulu. M'sutikesi ya ku migodi ya malemu abambo ndinapezamo kabuku kazithunzi kaja, ka munthu wouluka, kamene ankatiwerengera tili ana. Mitundu yasuluka, koma chibakera chake chikadali chachikulu kuposa mutu. Amayi atamuona anaseka: "Mpaka pano akuvalabe kabudula pamwamba pa thalauza?"

Ndinawerenga mawu a m'timabwalo totuluka pakamwa tija. Achimwene, abambo ankatinamiza! Chingerezi sankachidziwa, ankangotsatira zithunzi. Munthuyo akuthamangitsa mbava mu mzinda. Koma abambo ankati ndi wa ku migodi akuthamangira kwawo, ndipo nsalu yofiira kumsanayo ndi bulangete limene wagulira mkazi wake.

Nditawafotokozera amayi, anati, "Olembawo ndiwo analakwitsa." Sindinatsutse. M'dengu ndinayalamo nyuzipepala.

Mutigulire kapulasitiki kosungiramo kabukuka, ndipo mubwere nako nokha. Musadikire kuuluka, mabasi alipo.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esnati