Laputopu Yabwerako Yoonda ku Santhe

Bambo a Shalom,

Pepani ndachoka musanabwere kuchokera ku chigafa. Ndathamangira ku boma ndi laputopu, ndibwera madzulo.

M'mawa uno ndimati ndijambule phunziro la ophunzira anga aja ali ku maesiteti, poti mayeso awo ndi Lolemba. Pulogalamu yojambulira yakana kutseguka. Ikuti imafuna Windows 11 ndi memore ya magigabayiti 8 (timatchipi ta m'kati tija tothandiza makina kuthamanga), koma laputopu yanga ikuonetsa 4 okha. Chonsecho mwezi watha womwewu imajambula bwinobwino, mawu ndi zithunzi zomwe. Nditaitembenuza ndapeza timasikuluwu ta kunsi tili tokandikakandika, kamodzi palibiretu.

Munthu amene anaigwirapo ndi mmodzi, achimwene anu a Duncan, tsiku lija anaibwereka kuti akaonerepo mpira ku Santhe. Pobweza anati, "Alamu, ndakupukutiraninso fumbi m'kati." Ine mpaka ndinathokoza. Ndiye dzulo munawamva nokha akudzitama kuti chilaputopu chawo chakale chija chayamba kuthamanga.

Sindikunena kuti aba, ndikufuna amisiri ayambe atsegula n'kuona. A Duncan akabwera musawafunse kanthu, inu simuchedwa kupsa mtima. Mungowauza kuti ndikufuna kudzaona mmene makina awowo akuthamangira. Mukamutenge Shalom kusukulu, ndiwo zili m'kabati.

Ngati ndawaganizira molakwa, ndidzawaphera tambala wathu wamkulu uja. Koma zikapezeka kuti ndi zoona, memore yanga ibwere Lolemba lisanafike, ndipo tambala agule ndi iwo.

Ndine,
Mayi a Shalom