Ngumbi za Apongozi

Gulu: Banja la a Silungwe
Esau, Bessie, Eluby
Loweruka, 14 Disembala

[12:41] Esau: 📷 chithunzi
[12:41] Esau: Eluby mlongo wanga taona chomwe ndapeza ku burning centre pa boma pano
[12:42] Esau: filimu yathu ija ya chiswe chachikulu ngati ng'ombe. ya ku video show kwa a Wallace ku Kaseye kkkk
[12:43] Esau: moni kwa apongozi ako ku Wenya. uwauziretu kt mkamwana wawo amaopa ngumbi
[12:50] Bessie: bambo a Mwai musiyeni mlamu wanga, lero nkoyamba kupita kwao kwa Cornelius
[12:51] Bessie: wafika bwino mlamu?

[13:26] Eluby: ndafika
[13:26] Eluby: achimwene ndinu mfiti
[13:27] Eluby: 📷 chithunzi
[13:27] Eluby: ndiwo ndi zimenezo. ngumbi mbale yodzadza. kuno akuti mphalata
[13:28] Esau: 🎤 0:19
[13:28] Bessie: usatsegule voice imeneyo, ndi kuseka kokhakokha. agwa pa mpando
[13:29] Eluby: palibe ndiwo zina mlamu. andikhazika kuchipinda ndekha, azakhali ake akungolowa nkutuluka. foni ndabisa mu chitenje
[13:30] Bessie: Cornelius sadziwa kt sudya?
[13:30] Eluby: ndikanayambira pati? mphunzitsi wathunthu wa std 6 kuopa ngumbi chifukwa cha filimu
[13:31] Eluby: Cornelius ali panja ndi amalume ake, foni sakuyankha
[13:31] Bessie: koma filimuyi inali ndi chani kwenikweni? ine ndimangomva zidutswa
[13:32] Eluby: tinali ana. tinalowera mazira omwe achimwene anaba kwa amama
[13:32] Esau: kubwereka
[13:33] Eluby: chiswe chimatuluka pansi nkumadya azungu tauni yonse. mawu anali a chiswahili, ine sindimamva, amandimasulira ndi iwowa
[13:34] Eluby: itafika pakati jenereta ya a Wallace inazima. mawa lake achimwene anapita okha kukaona kumapeto
[13:34] Esau: ndi maso angawa
[13:35] Eluby: akuti mtsikana wa mufilimuyo anadya ngumbi, zinaswana m'mimba, zinatulukira m'makutu pa ukwati wake
[13:35] Esau: ndi m'mphuno. usaiwale m'mphuno
[13:36] Bessie: nde kuchokera pamenepo gawo lako la ngumbi amadya ndani?
[13:36] Eluby: achimwene. amati akundipulumutsa
[13:36] Bessie: mmm
[13:37] Esau: ndinadzipereka

[13:44] Eluby: zavuta
[13:44] Eluby: azakhali aona kt sindinakhudze, akaitana apongozi
[13:45] Eluby: akuganiza kt ndikusunga mwambo. uja woti mkamwana sadya mpaka amupatse kenakake
[13:46] Eluby: andiikira chitenje chatsopano pa mphasa. akuti ryani mwana wane
[13:46] Esau: usadye kaye. dikira njinga
[13:47] Bessie: bambo a Mwai
[13:48] Eluby: ndanyamula imodzi mpaka pakamwa. m'khutu mwayamba kuyabwa
[13:48] Bessie: zakufa izo mlamu, zokazinga
[13:49] Eluby: mutu ukudziwa koma khosi lakana
[13:50] Bessie: dikira. ndalanda flash, ndikuyika pa TV. tiwuone ukwati umenewu
[13:50] Esau: magetsi athima
[13:51] Bessie: firiji ikulira
[13:51] Esau: filimu imeneyi imafuna mdima
[13:51] Bessie: yayamba

[14:02] Eluby: abweretsa nkhuku. yamoyo, yomanga miyendo, aigoneka pambali pa chitenje
[14:03] Eluby: azakhali asiya kumwetulira. ndawamva akunong'ona pakhomo kt atsikana ophunzira ndi odula
[14:03] Esau: nkhukuyo isendeze kufupi ndi mbale ikuthandize
[14:04] Eluby: ndaganizapo kale. ikulira kwambiri indiulula
[14:06] Bessie: mlamu chiswe chako ndachiona
[14:06] Bessie: 📷 chithunzi
[14:07] Bessie: ndi munthu wavala chisaka. taona pansipo, nsapato zikuoneka. zoyera za mpira
[14:07] Esau: ma TV a masiku ano akuononga mafilimu
[14:08] Eluby: kwa a Wallace sizimaoneka nsapato
[14:08] Bessie: ndikuithamangitsa
[14:08] Eluby: fulumirani pliz

[14:15] Eluby: mlamu
[14:15] Eluby: apongozi apita ku khola ndi chingwe
[14:16] Eluby: ali ndi mbuzi imodzi yokha. Cornelius anandiuza, ndi yomwe anasiya malemu bambo ake
[14:17] Eluby: azakhali akuti ngumbizi apongozi anagwira okha pa chulu chawo, mvula ikugwa, ndi bondo lawo lodwalalo. anakana kugulitsa kt mkamwana adzadye
[14:17] Eluby: ndikufuna kulira. ndioneka wadyera ndi wonyada tsiku loyamba lomweli
[14:18] Esau: idya basi Elu. tseka maso
[14:18] Eluby: za m'makutu zija zinali zoona?
[14:20] Eluby: achimwene
[14:21] Eluby: mwawerenga, ma tick ndikuwaona
[14:22] Bessie: akuonera. kukamwa yasaa
[14:22] Bessie: chiswe chatulukira pa windo, adzidzimuka mpaka tiyi pa buluku
[14:23] Bessie: pano akundifunsa ine kt kodi mtsikanayu afa?
[14:23] Bessie: munthu woti anaona kumapeto ndi maso akewo
[14:24] Esau: ndimakuyesa
[14:26] Bessie: yatha
[14:26] Bessie: asilikali athira madzi a mchere mu dzenje, chiswe chafa. palibe ukwati. palibe wadya kanthu. mu filimu yonseyi mulibe ngumbi ngakhale imodzi
[14:27] Bessie: mtsikana uja wakwera basi ndi galu wake, makutu ali bwinobwino
[14:27] Esau: imeneyi ndi part 1
[14:27] Esau: za makutu zili mu part 2
[14:28] Eluby: taimani
[14:28] Eluby: a Wallace si anakagulitsa jenereta ija ku Tunduma? video show sinatsegulidwenso
[14:29] Eluby: Esau Silungwe
[14:29] Eluby: zaka zonsezi
[14:29] Esau: dzina la mkulu wako salitchula choncho
[14:30] Eluby: mbuzi ikulira pakhomo
[14:30] Bessie: idya mlamu

[14:41] Bessie: mlamu?

[14:58] Esau: Elu

[15:15] Esau: 📞 sanayankhe
[15:16] Esau: yankha iwe. wadya kapena wathawa?
[15:24] Esau: ngati zavuta nena, ndibwereke njinga yamoto ndibwere ndidzalankhule nawo ine
[15:25] Bessie: akungozungulira pa khonde ndi buluku lonyowa lomwelo

[16:12] Eluby: 🎤 0:12
[16:13] Bessie: nthungululu zimenezo?
[16:13] Eluby: apongozi ndi azakhali
[16:14] Eluby: ndamaliza mbale. andionjezera ina, nayonso ndamaliza
[16:14] Eluby: mlamu kodi zimakoma chonchi? ngati mtedza wokazinga koma kuposa
[16:15] Bessie: kkkk takulandira ku dziko
[16:16] Eluby: ndagwada ndapempha kt mbuzi ibwerere ku khola, yabwerera. nkhuku ndinati ndibweze akana. chitenje ndavala
[16:17] Eluby: akuti mkamwana wodya chonchi ndi wawo. andigwira dzanja osandisiya, ndalira nadi
[16:17] Bessie: ndasangalala mlamu, mtima unali m'malere
[16:18] Esau: waona? ndakupezetsa nkhuku ndi chitenje. commission yanga ndi ntchafu
[16:19] Eluby: anandifunsa chomwe chimandichedwetsa kudya
[16:19] Esau: unati manyazi
[16:20] Eluby: yayi. ndinati chisoni
[16:21] Eluby: kt ndimakumbuka achimwene anga omwe sadya ngumbi chionereni filimu ali mwana. kt akangoziona pa mbale amagwira makutu nkumakuwa
[16:21] Esau: iwe
[16:22] Eluby: apongozi amva chisoni zedi. anakusungirani ndowa yathunthu ya zouma ngati mkulu wa banja. akuti ndiye ipite kwa mlamu Bessie, azidya mobisa inu osaona
[16:22] Bessie: uwauze kt yewo chomene
[16:23] Eluby: ndipo mukabwera kudzaona mudzi Loweruka likudzali akuphikirani nkhwani. ana onse auzidwa kale kt asadutse ndi mphalata pamaso pa alendo
[16:24] Esau: Elu pita ukakonze zimenezo pompano
[16:24] Esau: uwauze kt unasokoneza
[16:25] Esau: Bessie sangathe ndowa yekha
[16:25] Bessie: ndiyesetsa
[16:31] Esau: 🎤 1:47

[16:50] Esau: wamvera?

[17:22] Esau: chulu cha ku Wenya ndi cha dothi lofiira, ngumbi zake ndi zonona. usandichite chonchi

[17:40] Esau: mlongo wanga wokondedwa

[18:02] Eluby: musadandaule achimwene, apongozi akupeta zina panopa
[18:02] Eluby: mapiko ake ndikusungirani