Chikhomo Chafika pa Nkhadze Yanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Chongwe tilipo. Mkazi wa mlongo wanga Yohane anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Liwuma watengeranso inu. Chimanga chadzaza nkhokwe, koma mtedza tinagawana ndi chiswe.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinapita kubwalo la mpira. Simungalizindikire. Paja linayamba ndi mizere khumi ya munda wathu, imene munasiyira ana kuti azimenyerapo mpira wawo wansanza. Atate atadandaula munati, “Alekeni ana achaye bola, nthaka siisila.” Lero pali magolo a bulugamu, mpanda wa udzu, ndi anthu obwera panjinga kuchokera ku Bundabunda. Akachinya, mfuu imakafika kumtsinje.

Amayi, nthaka ija ikutha. Ife tinabwera kuno ngati alendo ochokera kum'mawa, opanda manda a makolo, n'chifukwa chake tinakuikani kumapeto kwa munda n'kubzala nkhadze kumutu kwanu. Tinkati aliyense akaona nkhadze adziwa kuti pagona munthu. Koma anthu a ku boma amene anabwera ndi tcheni choyezera anaiyesa mpanda wa mbuzi. Akufuna kukulitsa bwalo. Mvula isanagwe, zikhomo zawo zoyera zinali pachulu paja. Pokolola zinali pamtengo wa mango. Lamlungu ndinapeza chimodzi chitakhomedwa kuseri kwa nkhadze yanu, inu muli mkati mwa bwalo.

Ndinachizula n'kukachitaya m'thengo. Lachitatu ndinapeza china, chachitsulo, chothiridwa simenti. Ndinachigwedeza mpaka manja kutupa, osasuntha. Yohane wapita kawiri kuboma; amangomuuza kuti pamapepala awo palibe manda. Munkati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chikuimba. Thalakitala yosalaza nthaka yafika kale pamsewu waukulu, ndipo m'mawa uliwonse kulira kwake kumamveka pafupi kuposa dzulo. Ndili ndi mantha, Amayi, ndiponso ndakwiya. Ana amene munawapatsa mizere ija ndi omwe akuombera m'manja bwalo latsopano.

Sindikulonjeza kuti ndipambana. Koma tsiku limene thalakitalayo idzalowe m'munda, idzandipeza nditayala chitenje pamwamba panu, mdzukulu wanu ali kumsana. Woyendetsayo adzayambe wandifunsa dzina la amene ndakhalira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tisauke